Chala Chimene Chinatsegula Khomo

Moni kwa inu amene mwatenga nkhaniyi kuti muwerenge. Tithokoze Mulungu amene watidzutsa ndi moyo natipatsanso lilime lomuthokozera, pakuti mphatso imeneyi ambirife timaizindikira tsiku limene yatichokera. Zimene ndikuuzeni zinachitika m'banja lina la ku Chiputula, mumzinda wa Mzuzu.

Mayi Mabel Msowoya, amene anzawo a kumpingo ankawaitana kuti NyaKamanga, anagwira ntchito yotayipa makalata mu ofesi kwa zaka makumi atatu asanapume. Anabadwira ku Nkhata Bay, m'banja limene sukulu inkabwera pambuyo pa Mulungu yekha, ndipo anakula akudziwa kuti kalata ili ndi mwambo wake: deti pamwamba, moni waulemu, nkhani yoyalidwa bwino, dzina pansi. Mauthenga a pafoni sankawawerengera ngati zolemba. Ankati ndi phokoso la ana, mawu oduka michira, Chichewa, Chitumbuka ndi Chingerezi zonse mumphika umodzi.

Amuna awo, a Jasper Msowoya, anali mphunzitsi wopuma ntchito komanso mkulu wa mpingo, munthu wa pakamwa posauma. Kaya ndi pamaliro, kaya paukwati, kaya anthu akangana malire a poloti, ankati tidikire a Msowoya afike. Iwo ankayamba akuseketsani kaye, kenako n'kukuuzani choonadi mano adakali pamtunda. Koma m'mawa wina mu Febuluwale, akumanga zingwe za nsapato, anagwa chammbali. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anatuluka patapita milungu itatu, dzanja lamanja litafooka, mwendo ukukoka, lilime litalemera. Nzeru zonse zinalipo, koma akati ayankhule, mawu ankatuluka osamveka ngati a munthu woitana ali kutsidya kwa dambo.

Tsiku lotuluka, dokotala anaitanira a NyaKamanga kuseri kwa katani n'kuwauza mosabisa kuti mwendo ukhoza kubwerera, koma za lilime asayembekezere. Mawu amenewo anawasunga okha. Sanauze mwana, sanauze mbusa, ndipo kwa amuna awo ankangoti Mulungu ali ndi nthawi yake.

Mwana wawo wamkazi, Temwani, amene ankagwira ntchito pa sitolo ya mankhwala m'tauni, ndiye anaika foni m'dzanja lamanzere la bambo ake. Poyamba chala chachikulu chinkaphonya zilembo, koma pofika Meyi chinali chitazolowera, ndipo m'nyumbamo munayamba kulira mafoni. A NyaKamanga akachedwa kukhitchini, uthenga unkafika: "tiyi uja wapita ku karonga kodi". Temwani, amene bambo ake ankamutchula kuti mama, akachedwa kuweruka: "mama mvula iyi kwera njinga usayende pansi". Mayiwo ankawerenga n'kumwetulira pang'ono, koma mumtima zinkawawawa kuti mphunzitsi amene ankabweza ana kuti akalembenso kalata yonse wayamba kulemba ngati wogulitsa mayunitsi.

Temwani anali ndi mnyamata wake, Elton, wa ku Ntcheu, wokonza magetsi, amene ankachita lendi ku Zolozolo ndipo ankaimba besi m'kwaya ya kumpingo kwawo. Abale ake anayenera kubwera kudzafunsira mu Malichi, koma matenda aja anaimitsa zonse. Anagwirizananso za Meyi, ndipo ulendo umenewo anauimitsa a Solomon Msowoya, mkulu wawo wa a Jasper, amene ankakhala kumudzi ku Rumphi. Tsopano malume ake a Elton, a Goodwell, anatumiza mawu aulemu koma omveka. Anati kwawo anthu ayamba kufunsana ngati kuzengereza kumeneku sikuli kukana kobisa, choncho abwera mu Julayi, ndipo akabwerera chimanjamanja adzadziwa kuti yankho alandira.

A Solomon sanali munthu woipa mtima. Anali ndi chifukwa chawo, ndipo a NyaKamanga ankachidziwa. Kalekale bambo awo a Solomon ndi a Jasper ali ku migodi ku Joni, kunabwera anthu kudzafunsira mlongo wawo Lettie. Analembera kalata ku Joni, yankho linafika lolembedwa bwino ndi kalaliki wa pakomponi, lodzaza madalitso, ndipo ukwati unachitika. Bambowo atabwerera anakana kuti sananene zimenezo. Iwo anauza kalalikiyo kuti alembe zoti anthu adikire, koma iye anakometsera mawu mpaka tanthauzo linatembenuka. Mkangano wake sunathe, ndipo Lettie anafika polowa m'manda asakudziwa ngati bambo ake anamudalitsa kapena ayi. Kuchokera pamenepo a kwa Msowoya anapangana kuti mwana wamkazi akamakwatiwa, bambo ake azitsegula khomo ndi pakamwa pawo, pamaso pa anthu, afunsidwe ndipo ayankhe. A Solomon ankakonda kunena kuti kalata sungaifunse kuti yati chiyani. Ndiye ankati tidikire lilime la Jasper limasuke.

A NyaKamanga okha ndi amene ankadziwa kuti kudikira kumeneko kunalibe mathero.

Anaganiza zothana ndi vutoli mwa njira imene ankaidziwa. Ngati alamu awo ankakayikira makalata, iwo alemba kalata yoti munthu sangaikayikire. Anapempha amuna awo kuti alembe pafoni zonse za kumtima kwawo, ndipo a Jasper analimbana nazo masiku atatu, kachidutswa m'mawa, kachidutswa masana. Kenako mayiwo anakhala patebulo ndi cholembera n'kuyamba kukonza. Anachotsa pamene bambowo anati Elton amaimba ngati lole yokwera phiri la Chiweta. Anachotsa pamene anatchula mwana wawo kuti mama, n'kuikapo dzina lake lonse. Tizidutswa tonse anatilumikiza n'kukhala ziganizo zazitali zoyenda mwaulemu. Anapita nayo m'tauni kukaitayipitsa pa pepala loyera, n'kugulanso envelopu ya khaki.

Atawawerengera amuna awo, a Jasper anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako foni inalira: "yabwino. walemba ndi loya?" A NyaKamanga anaseka n'kunena kuti nkhani yaulemu imafuna chovala chaulemu, munthu sapita kutchalitchi ndi zovala za kudimba. Bambowo sanatsutse. Anasaina ndi dzanja lamanzere, dzina likupendekera ngati mpanda wakale.

Loweruka la msonkhano kunacha ndi chifunga ndi kamvula kowaza kaja ka mu Julayi, kamene kamalowa m'mafupa. Alendo anafika nsapato zili matope ofiira, a Goodwell patsogolo, Elton pambuyo atavala tayi. A Solomon anali atafika dzulo lake ndipo anakhala pampando wa pafupi ndi zenera atavala jekete yabulawuni. A Jasper anawakhazika pampando wawo wa masiku onse, bulangeti pamiyendo, foni pachifuwa. Azimayi anakhala pamphasa cha kukhomo la kukhitchini, Temwani kumbuyo kwa onse. Popeza alendowo sankamva Chitumbuka, nkhani yonse inayenda m'Chichewa.

Atapemphera, a Goodwell anayala chimene anadzera, modekha ngati munthu wodziwa kuti aka n'komaliza. A Solomon anaimirira n'kuyankha kuti mnyamatayo alibe naye chifukwa, banja lake alilemekeza, koma khomo lili ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo, monga alendo akuonera, sanayambe kuyankhula. Anapempha kuti apirire pang'ono.

Pamenepo a NyaKamanga anayenda chogwada n'kupereka envelopu ija ndi manja awiri. A Solomon anavala magalasi n'kuwerenga mokweza. Inayamba ndi deti ndi keyala. Kenako inati, "Ine, Jasper Msowoya, pokhala ndi nzeru zanga zonse, ndikutsimikizira onse okhudzidwa kuti ndilibe chotsutsa chilichonse." Anawerenga mpaka pansi osaphonya liwu. Inali kalata yokongola ndithu, ndipo m'chipindamo munali zii ngati mwawerengedwa chidziwitso cha ku khonsolo.

A Solomon anaipinda bwinobwino.

"Alamu," anatero mofatsa, "siginecha iyi ndi ya mng'ono wanga, sindikukana. Koma mawu awa ndi anu. Ine Jasper ndagona naye mphasa imodzi. Chibadwire sanayankhulepo chonchi, ngakhale pa guwa."

A NyaKamanga anafuna kukana, koma chokanira panalibe. Anakumbukira kholo lija la m'Malemba, lokalamba ndi losaona, limene linakhudza manja a mwana wina koma n'kumva mawu a mwana wina. Anazindikira kuti ndi chikondi chawo chonse, anachita zimene anachita kalaliki wa pakomponi uja.

A Goodwell anatambasula dzanja kutenga chipewa chawo chimene chinali pabondo. Kumbuyo, Temwani anaweramitsa mutu. A NyaKamanga anaona kuti kwatsala njira imodzi yokha, younena pagulu mawu a dokotala aja, amuna awo akumva, alendo akumva. Anayang'ana a Jasper, mtima unawawa, koma anatsegula pakamwa.

Foni inalira m'thumba la jekete ya a Solomon.

Iwo anainyalanyaza. Inaliranso. A Jasper anagogoda ndi foni yawo pa mkono wa mpando, maso ali pa mkulu wawo. A Solomon anaitulutsa monyinyirika n'kuwerenga chamumtima, kenako anatulutsa kampweya m'mphuno ngati munthu woletsa chiseko. A Goodwell anafunsa mwaulemu ngati kwagwa zovuta kumudzi, ndipo mkuluyo anakakamizika kuwerenga mokweza. Uthenga woyamba unati, "ŵakulu khalani pasi". Wachiwiri unati, "mukuopseza alendo ndi jekete yanga".

"Jekete iyi unandipatsa," anatero a Solomon, atayang'ana mng'ono wawo.

Foni inalira. "ndinakubwerekani. paukwati wa mwana wanu ronald".

Azimayi pamphasa anagwira pakamwa. Elton anayang'ana kudenga, mapewa akugwedera. A Solomon anati, "Iwe, pali alendo pano," ndipo asanabweze foni m'thumba inaliranso: "amve. ndi abale athu awa".

Mkuluyo anakhala pansi, koma sanagonje. Anapukusa mutu n'kunena kuti nthabwala n'zabwino, ndipo wasangalala kuona kuti Jasper adakali Jasper, komabe izi n'zolemba ndithu, pangano la banja limati pakamwa.

A NyaKamanga anadabwa kumva mawu awo omwe akutuluka.

"Alamu, kalata ija ndinaichapa ndine mpaka fungo la mwini wake linachoka. Ndalakwa. Koma inu mumati kalata sungaifunse kuti yati chiyani. Awa ali pompano. Afunseni."

A Goodwell anabweza chipewa pabondo. Anati iwo ndi mlendo, sangalowerere pangano la eni ake, koma akukumbukira wansembe uja wa m'Malemba amene anatsekedwa pakamwa, ndipo tsiku lotcha dzina mwana wake abale anamufunsa, iye n'kuyankha pa cholembapo. Panalibe amene anati tidikire lilime. A Solomon anati n'zoona, ndipo wansembeyo abale ake anamufunsa ali pomwepo, akumuona nkhope.

Anakoka kampando n'kukhala maso ndi maso ndi mng'ono wawo. Foni yawo anaipereka kwa a Goodwell kuti aziwerenga iwo, pasadzapezeke wonena kuti a kwa Msowoya anakometsera. Ndiye anayamba kufunsa. Anafunsa ngati mnyamatayu akumudziwa.

A Goodwell anawerenga, akuima pamene uthenga waima, n'kudikira wina. "ndikumudziwa". "amaimba ngati lole yokwera chiweta". "koma wandimeta ndevu loweruka lililonse chidwalire. sanandichekepo".

A Solomon anatembenuka kuyang'ana Elton, pakuti zimenezo sankazidziwa. Anafunsanso ngati pali munthu wamukakamiza.

"ndani". "nyakamanga?". "tiyi yemwe amachedwa naye".

Ulendo uno ngakhale a NyaKamanga anaseka, misozi ili m'maso. Ankamva amuna awo. Nthabwala ija imene anaichotsa ndi cholembera inali itabwerera yokha pamalo pake. Tizidutswa timene ankatinyoza tija tinali kupuma kwa munthu pakati pa mawu, ndipo kaimidwe kake kanali kaja a Jasper ankaima nako pamaliro, kudikira anthu amalize kuseka.

A Solomon anatsitsa mawu. Anati iye sakufuna kupweteka mwana, koma kodi chingavute n'chiyani kudikira miyezi iwiri itatu, kuti lilime likamasuka... Sanamalize. Chala cha a Jasper chinali chitayamba kale kuyenda, ndipo foni inawadula pakamwa monga mng'ono wawoyo ankawadulira kuyambira ali ana.

A Goodwell anayang'ana uthengawo n'kuzengereza. Kenako anawerenga mwakachetechete.

"silibwera ŵakulu". "ndinamva dokotala". "katani si khoma".

A NyaKamanga anagwira chifuwa. Miyezi isanu anasenza katunduyo okha, osadziwa kuti mwini wake anali atasenza kale mbali inayo.

Foni inaliranso. "lettie anadikira mpaka kumanda". "wanga asadikire".

A Solomon anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali ndi m'mphepete mwa jekete ija. Kunja kamvula kankagogoda pa malata. Atawavalanso, anagwira bondo la mng'ono wawo n'kufunsa funso lenileni, monga limafunsidwira m'banja lawo.

"Jasper, mwana wa adada, khomo ili watsegula kapena watseka?"

Chala chinaphonya, chinafufuta, chinayambanso.

"ndatsegula". "lowani".

A Solomon anaimirira n'kutembenukira kwa alendo. "Mwamva nokha," anatero. "Mwini khomo wayankhula."

A Goodwell anaomba m'manja mwaulemu n'kunena kuti amva, kenako anawonjezera yewo chomene, zikomo ya Chitumbuka, m'kalankhulidwe ka ku Ntcheu kamene kanaseketsa azimayi onse. Wina anaimba nthungululu. Pakati pa phokosolo foni ina inalira kumbuyo, m'manja mwa Temwani. Sanawerenge mokweza. Anayenda chogwada kudutsa pakati pa anthu n'kukaika mutu pa bulangeti la bambo ake, ndipo mayi ake anaona uthengawo pamene foni inagwera pamphasa: "mama pita ndi mtendere. njira ya ku chiputula usaiwale". Mmodzi wa azimayi anayambitsa nyimbo yothokoza, Elton analowa ndi besi yake, ndipo a Jasper ankaimba nawo ndi chala, kugogoda pa mkono wa mpando.

Chakumasana alendo atapita, a Solomon atakagona pang'ono kuchipinda, a NyaKamanga anapeza envelopu ya khaki ija patebulo. Sanaing'ambe. Anaiika m'sutikesi mmene munali masatifiketi, pakuti kumeneko ndiko kunali kwake. Kalata, anaganiza, ndi ya munthu amene ali kutali, imavala bwino chifukwa ikupita yokha. Koma amuna awo sanali kutali. Miyezi yonseyi anali pompo pampando, akuitana tiyi, akuseka, akudandaula za mvula, ndipo iwo ankangoona zilembo zopanda mwambo.

Anafulula tiyi msanga n'kukhala pambali pawo. Anafunsa chifukwa chake sanawauze kuti anamva zonse kuchipatala kuja.

"nanga inu".

Anayankha kuti ankaopa.

"nanenso".

Kenako a NyaKamanga anafunsa ngati jekete ija aitenga kwa alamu. A Jasper anati aisiye, yatha kale m'zigongono. Anakambirana za tsiku la ukwati, za amene adzaphike, za denga la kukhitchini limene linayamba kudontha. Anacheza mpaka tiyi anazizira m'makapu, wina ndi pakamwa, wina ndi chala, ndipo penapake m'kati mwa machezawo mayiwo anasiya kuzindikira kuti akuwerenga.

Inu amene mwayenda nafe mpaka pano, Ambuye akudalitseni ndi kukusungani, inu ndi a pabanja panu. Akupatseni makutu odziwa mawu a okondedwa anu m'njira iliyonse imene angafikire, ndipo Iye amene amamva ngakhale kubuula kopanda mawu amve pemphero lanu. Mtendere wake ukhale pakhomo panu. Amen.